Madzi a chammwamba opopera tirigu aja akugulitsa mu tauni muno, ndayesa

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene bandulo yanu ili pafupi kutha musavutike kufika pansi. Madzi a chammwamba a m'botolo aja akugulitsidwa pa shopu ina ya zaulimi mu tauni muno amagwira ntchito ndithu, koma osati ntchito imene anyamata a pa kauntala amakuuzani. Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Tirigu amene ndinapopera anakhalitsa ali wobiriwira, njere zinadzaza bwinoko, zimenezo ndaziona ndi maso angawa. Koma zoti mukagula botolo limeneli mwatsazikana ndi feteleza, limenelo nde bodza lamkunkhuniza, ndipo botolo lenilenilo lili ndi vuto lina limene likundipangitsa kuti ndisabwerereko ndi ndalama zanga.

Ine si mlimi wamkulu ayi, ndimaphika masikono ndi mandasi ku Chibavi kuno nkumaperekera m'magolosale ndi kwa amayi ena ogulitsa tiyi ku Zigwagwa. Nde mukamva kuti fulawa wakwera dziwani kuti ine tulo palibe. Kuyambira 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba zinthu sizinakhalenso mmene zinalili, kenako kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi chaka chomwecho, 2023 mu Novembala akuigwetsanso ndi 44%, ndipo poti tirigu amene amagayidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe uja pafupifupi yense amachokera kunja, kugwa kulikonse kwa kwacha kumafika mpaka mu beseni langa lokandira. Wa kwathu kuno amalimidwa pang'ono chabe m'malo ozizira, ku Tsangano ku Ntcheu, ku Neno, ku Dedza, ndi m'mapiri a ku Rumphi ndi ku Chitipa. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumene timadandaula nako tikamadzuka kukayatsa mbaula ndi kumene tirigu amakonda. Amalume ali ndi dimba cha ku Choma, madzi sauma chaka chonse, anandidulira kachigawo, mbewu ndinapeza kwa achibale a ku Rumphi, ndiye ndinati tiyeni tione ngati munthu angaphike masikono a tirigu wolima yekha.

Shopuyo sinditchula dzina, amene mumayendayenda kugula mbewu zamasamba mu tauni mwina mwaliona kale botololo pa shelefu. Ndi la pulasitiki la lita imodzi, madzi ake obiriwira moderako, lebo yake yosindikiza pa pepala wamba nkumata ndi tepi, pali chithunzi cha chimanga, tomato ndi ngala ya tirigu. Ndinagula pa K12,000. Pa lebo analemba kuti ndi madzi a masamba a moringa, musakanize gawo limodzi ku magawo 30 a madzi, mupopere m'mawa kapena madzulo, basi. Tsiku limene anapanga palibe, tsiku lothera mphamvu palibe, kasungidwe kake palibe, nambala ya foni yokha nde analemba zilembo zikuluzikulu.

Mnyamata wa pa kauntala ndi waulemu, pamenepo ndisamunamizire. Anandipatsa mpando, anatenga nthawi, risiti anandilembera osachita kupempha. Koma pakamwa pake pamathamanga kuposa katundu wake. Ati "amayi, mukapopera katatu izi za urea muiwale, muli chilichonse umu, zachilengedwe zokhazokha, tirigu wanu adzakhala ngati wa ku Canada." Ndinati achimwene, inuyo munayamba mwalimapo tirigu? Anaseka nkuti iwo ndi a tomato, koma mbewu ndi mbewu basi. Ndinagulabe chifukwa nkhani ya chammwamba ndinali nditaimva kale kwa mwana wa achemwali anga amene amaphunzira ku Mzuni, ndipo zimene iye anandifotokozera zinali zosiyana ndi za pa kauntala.

Mwachidule zili chonchi. Zinthu zimenezi si feteleza, si mankhwala ophera tizilombonso ayi. Zili m'gulu limene azungu amati biostimulant, ntchito yake ndi kudzutsa mbewu kuti igwiritse bwino chakudya chimene chili kale m'nthaka komanso ipirire kutentha, ludzu kapena mchere wa m'dothi. Ku Ulaya anaziika m'lamulo la zinthu zothira mbewu la mu 2019, linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2022, ndipo m'lamulomo anazipatsa gulu lakelake losiyana ndi la feteleza. M'masamba a chammwamba, makamaka anthete a kunsonga, muli michere ina yokulitsa mbewu yotchedwa cytokinin, wodziwika kwambiri ndi zeatin, amene wasayansi wina dzina lake Letham anayamba kumupeza mu njere za chimanga chachiwisi ku New Zealand mu 1963. Mulinso vitamini C, potaziyamu, kashiamu ndi zina zoteteza maselo a tsamba kuti asawonongeke msanga. Chimene cytokinin amachita chimene chimatikhudza ife a tirigu ndi kuchedwetsa kukalamba kwa tsamba. Anthu ena ku Nicaragua anayesa madzi a masambawa pa mbewu zosiyanasiyana kalekale, kenako a University of Agriculture ya ku Faisalabad ku Pakistan anawalimbikira kwambiri pa tirigu, kunyikamo mbewu isanafesedwe komanso kupopera, ndipo muyezo wa 1 ku 30 umene uli pa lebo uja ndi womwewo amagwiritsa ntchito kumeneko.  Nde amene anapanga botololi sanangolota, anawerenga penapake. Chimene anasiya kuwerenga ndi chakuti m'mayeso ambiri amenewo tirigu ankapatsidwanso feteleza wake monga mwa masiku onse.

Madzi a chammwambawa ndi thobwa la waganyu: amwa, mphamvu zibwera, khasu liyenda, koma masana nsima aifunabe.

Chifukwa cha mkangano wa pa kauntala uja ndinagawa kachigawo kanga ndime zitatu zofanana. Yoyamba feteleza yekha, NPK pofesa ndi urea tirigu atayamba kubereka ana. Yachiwiri feteleza yemweyo muyezo womwewo kuphatikiza kupopera. Yachitatu kupopera kokha monga ananenera achimwene aja, kungoti manyowa a khola amene amalume anathira dimba lonse nawo analimo. Mbewu imodzi, tsiku lofesa limodzi, kuthirira limodzi. Tinafesa mochedwerapo, Meyi ali kumapeto, chifukwa mukudziwa mvula ya Mzuzu sidziwa kutsazika, dimba linali lidakali chithaphwi pamene anzathu a kummwera anali atafesa kale. Kuchedwa kumeneku kuli ndi ntchito pa nkhaniyi, musakuiwale.

Kasakanizidwe nkosavuta, sipuleya ya malita 16 imafuna theka la lita, ndiye botolo limodzi ndi masipuleya awiri. Koma musayerekeze kungokhuthulira mu thanki. Pansi pa botolo pamakhala zitsotso zobiriwira, mukagwedeza zimabalalika, zikafika pa nozo zimatseka, mumangoona madzi akutuluka cham'mbali kapena kungodontha, nde muime, mumasule, mutsuke, mumangenso, kwinaku dzuwa likukwera. Kasefa ka pakamwa pa sipuleya sikagwira tizitsotso timeneti. Chimene chinathandiza ndi kusefa pa kansalu kopyapyala kopinda kawiri musanathire, ine ndinagwiritsa kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu pamwamba ndi chitenje chakutha pansi, zimene zinatsala pa nsaluyo zinali phala lenileni lokwana supuni ziwiri. Pa K12,000 ndimayembekezera kuti kusefa achita okha. Masamba a tirigu ndi oterera, madzi amangogubuduka nkugwa, ndiye popopera pamafunika nozo ya nkhungu osati ya mtsinje, ndipo mudikire mame aume kaye koma dzuwa lisanapse. Kwathu kuno m'mawa wa Juni ndi Julayi umadziwika, chifunga mpaka 8 koloko, nthawi zina kamvula kowaza kosatha, mukapopera kenako kawaze ndiye kuti mwatsuka ndalama. Madzulo nde kunali bwino.

Nthawi zopopera alangizi a dera lathu anandithandiza, chifukwa pa lebo sanalembe. Koyamba tirigu akubereka ana, kachiwiri ngala ikadali yobisika m'phesi pamene phesilo latupa cha kumtunda, kachitatu ngala zitatuluka maluwa atangotha. Alangiziwo ananenanso mosabisa kuti "mayi, yesani, koma urea musasiye," ndipo anandikumbutsa kuti za mbewu ndi matenda ake ofunsa ali pafupi pompano pa malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa, anthu a mu Mzuzu timangodutsapo ngati palibe kanthu.

Mwezi woyamba ndi wachiwiri kunena zoona ndime yoyamba ndi yachiwiri zinali chimodzimodzi. Amalume ankati yopoperayo yadera kwambiri, ine ndimaona ngati akungondisangalatsa, msinkhu unali umodzi, ana kuchuluka kumodzi. Amene mukufuna kuona zodabwitsa sabata yomweyo mwapopera mudzakhumudwa. Imene inaonekera patali ndi yachitatu ija. Masamba a pansi anayamba chikasu kuyambira kunsonga, mapesi owonda, ana ochepa, ngala zitatuluka zinali zazifupi. Munthu wodutsa pa njira ankatha kuloza malire a ndimeyo osauzidwa. Njala ya nayitrojeni imeneyo, ndipo olo mupopere tsiku lililonse singathe, masamu ake ndi osavuta: thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni chifukwa urea ndi 46%, tirigu wokwana tani imodzi amachotsa m'munda makilogalamu 20 kapena kuposa, pamene lita ya madzi a masamba mbali yaikulu ndi madzi basi, nayitrojeni wake ndi wa magalamu owerengeka, kenako muisungunulenso ka 30. Zingakumane pati?

Kusiyana kwa ndime ziwiri zafeteleza zija kunabwera kumapeto, ndipo apa nde pamene botololi linandigwira mtima. Tirigu ali ndi tsamba limodzi lomaliza, la pamwamba penipeni pansi pa ngala, limeneli ndi limene limaphikira njere gawo lalikulu la chakudya chake. Likauma msanga njere zimasiya kudzaza, zimakhala zofota zamakwinya. Tirigu amafuna kozizira pamene akudzaza njere, kukatentha kupitirira madigiri 30 amathamangira kukhwima njere zisanakhute, ndipo poti ife tinachedwa kufesa, nthawi yodzaza inakumana ndi Sepitembala dzuwa litayamba kuluma ndi mphepo youma ija. Mu ndime ya feteleza yekha tsamba lomalizalo linayamba kupsa kunsonga nkumapindika, kenako lonse mbuu. Mu ndime yopopera linali lidakali lobiriwira, mwina sabata yathunthu kuposa linzake. Ndinkathyola masamba awiri, limodzi uku limodzi uku, nkuwaika pa chikhatho, lina likuthetheka lina likadali lofewa la madzi. Chimenechi sichinali chondisangalatsa cha amalume, aliyense amene anafika pa dimbapo anachiona.

Titamweta nkuumitsa, kupuntha ndi kupeta ndime iliyonse payokha, tirigu wa ndime yopopera anachulukirapo koma osati modabwitsa, tinene kuti pa ndowa iliyonse panali kambale kapena tiwiri toonjezera. Chimene chinaoneka bwino ndi njere. Mukatapa dzanja limodzi uku ndi uku nkuyala pa lichero, za kopopera zinali zonenepa, mzere wa pakati uja wotsekeka bwino, zofota zochepa, ndipo popeta zopepuka zouluka ndi mankhusu zinali zochepa. Kapu yodzadza ya kopopera inkalemera kuposa inzake pa sikelo yanga ya kukhitchini. Ndime yachitatu ija musandifunse, inatuluka mwina theka la zinzake, ndipo njere zake zambiri zinali zotuwa mkati, zaufaufa, osati zolimba zowala.

Tsopano nkhani ya ubwino wa fulawa, imene kwa ine wophika nde inali yaikulu. Buledi ndi masikono zimafufuma chifukwa cha gluten, puloteni wa mu tirigu amene amatamuka nkugwira mpweya wa yisiti, fulawa wabwino wa buledi amakhala ndi puloteni cha m'ma 11 mpaka 13%. Kunyumba mulibe makina oyezera koma njira ilipo. Mumatenga fulawa muyezo umodzi, kukanda ndi timadzi mpaka kakhale kampira kolimba, kusiya m'madzi kwa ola, kenako kumakafinya pang'onopang'ono m'beseni la madzi. Madzi amayera chifukwa sitachi ikutuluka, mumataya nkuthira ena, mpaka madzi asiye kuyera, chotsala m'manja ndi kanthu kotuwa kotamuka, ameneyo nde gluten. Amene munakulira kolima tirigu mukukumbuka kutafuna njere mpaka zisanduke chingamu, ndi chinthu chomwecho. Ndinagayitsa pa chigayo cha chimanga wamba nkusefa, ndime iliyonse payokha. Kampira ka ndime ya feteleza yekha ndi ka ndime yopopera tinali tofanana kukula, kutamuka kwake chimodzimodzi, ndikakoka tonse tinkaduka pa utali umodzi. Ka ndime yopanda feteleza kanali kakang'ono zedi ndipo kankangoduka. Masikono nawo ananena zomwezo, a ndime ziwiri zoyamba anafufuma bwino, oderako poyerekeza ndi a fulawa wa m'sitolo chifukwa chigayo chathu sichichotsa gaga yense, koma kukoma kwake makasitomala anafunsa kuti mwathiramo chani, a ndime yachitatu anali aafupi olemera, ana anadya ndi tiyi kunyumba.

Nde zoti madziwa amakweza puloteni ine sindinazione pa dimba langa. Ndipo nzomveka, puloteni wa mu njere amapangidwa ndi nayitrojeni, oyeza amachita kutenga nayitrojeni wa mu njere nkuchulukitsa ndi 5.7 kuti apeze puloteni. Njere ikanenepa chifukwa tsamba lakhalitsa, chimene chaonjezekera kwambiri ndi sitachi. Amene akufuna fulawa wamphamvu agawe urea wake, wina asungire mochedwerapo ngala zili pafupi kutuluka, ndipo asankhe mtundu wa mbewu wa buledi, zimenezo nde zimasuntha gluten. Chimene chammwamba chinandipatsa ndi fulawa wochulukirapo pa ndowa chifukwa njere yonenepa ili ndi ufa wambiri gaga wochepa. Si chinthu chaching'ono kwa wophika, koma si chimene ndinauzidwa.

Matenda nawo musawadalire madziwa. Dzimbiri linabwera ndithu, timadontho tofiirira pa masamba toti mukapukuta ndi chala chimatsala ndi ufa wofiira, ndipo silinasankhe ndime, linagwa monse. Mwayi linabwera mochedwa. Nsabwe za m'masamba chimodzimodzi, mpheta nde zinkakonda kumene ngala zonenepa za kopopera kkkk, mwana wa amalume ankakhalira kuombera zitini. Tirigu ali ndi matenda oopsa, dzimbiri la m'phesi lija amati Ug99 linayambira ku Uganda, ndipo kwa aneba athu ku Zambia cha ku Mpika kunapezeka wheat blast mu 2018, amene amaumitsa ngala kuyera mbee isanadzaze. Mukaona zachilendo pa ngala thamangirani kwa alangizi, osati ku botolo la masamba.

Vuto lalikulu lija ndi ili. Botolo loyamba nditatsegula linkanunkhira masamba aawisi, kafungo kowawira ka chammwamba kamene mumakadziwa amene munadyapo ndiwo zake. Lachiwiri limene ndinakagula kuti ndimalizire kupopera komaliza linali lotupa, pansi pake potundumuka moti silinkaima bwino pa tebulo, nditapotokola chitsekero linachita phwii, thovu kutuluka, fungo lowawasa la zinthu zosasa, mtundu wasanduka wakhaki. Madzi a masamba ndi chinthu chamoyo, akakhala pa shelefu yotentha pafupi ndi windo amawira okha, vitamini C amatha, ndipo zimene munalipira zija simudziwa kuti zatsalamo zingati. Ofufuza aja amapanga aawisi nkugwiritsa ntchito pomwepo kapena kusunga mozizira kwambiri. Pa shopupo filiji palibe, ndipo poti tsiku lopangira sanalembe, botolo la dzulo ndi la miyezi itatu yapitayo zaima limodzi mtengo umodzi. Ndinabwerera nalo. Achimwene aja poyamba ati "nde lapsa bwino limenelo amayi, mphamvu zachuluka," ndinangowayang'ana, kenako abwana awo anatuluka kuseri, bambo wachikulire wofatsa, ananunkhiza nkunena kuti pepani mayi, mupatseni lina. Linalo linali labwinoko. Kusinthako anandisinthira opanda phokoso, pamenepo ndiwayamike, koma ndalama ya kabaza ndi minibasi sanandibwezere, ndipo mlimi wochokera ku Mpherembe kapena ku Usisya amene watsegulira botolo ali kumudzi sangabwerere.

Kenako mukawerengetsa mtengo zimayamba kuwawa. Ekala imodzi imadya masipuleya pafupifupi asanu pa kupopera kumodzi, ndiye malita awiri ndi theka, katatu ndi malita 7 kapena 8, ndalama yake pa mtengo umene ndinagulira ine K90,000 kapena kuposa. Limenelo ndi gawo lalikulu la mtengo wa thumba la urea. Amene ndalama yake ikukwana chimodzi chokha asaganize kawiri, agule urea, olo apange feteleza wa Mbeya uja wosakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, adzakolola kuposa wa botolo lokha. Botololi ndi la munthu amene wathira kale zonse nkumafuna kutchinjiriza njere ku dzuwa la kumapeto.

Ndipo chinthu chake mutha kupanga nokha, apa nde pamene nyenyezi ina inagwera. Chammwamba mu Mzuzu muno chimakula monyinyirika chifukwa cha kuzizira, nthawi ya tirigu imene mukuchifuna nkuti chitayoyola masamba, koma mukangotsika ku Nkhata Bay kapena ku Karonga chili m'mipanda ya anthu, ena sachiwerengera nkomwe. Mnzanga wogulitsa usipa amene amatsika kunyanja pafupipafupi anandibweretsera jumbo yodzadza nsonga zanthete, ndinamupatsa masikono basi. Ndinachotsa timitengo, kusinja mu mtondo ndi timadzi pang'ono, cha m'ma kapu imodzi yaing'ono pa kilogalamu ya masamba, mpaka phala, kufinya pa nsalu, madzi otuluka aja nde amene mumasakaniza 1 ku 30. Amene muli ndi blenda ndipo magetsi alipo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Jumbo imodzi inatulutsa okwana sipuleya ndi kutsala, obiriwira bii, fungo lake lamphamvu kuposa la botolo loyamba lija. Ndinapopera pa mpiru ndi anyezi wa amalume poti tirigu anali atadutsa msinkhu, masamba sanapse. Zotsala pa nsalu tinasakaniza ndi madeya nkhuku zinalimbirana. Chofunika nkupopera tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo musati poti ndi zachilengedwe ndithire wambiri, muyezo ukapitirira mbewu sizikula bwino, za michere yokulitsa zimafuna pang'ono.

Pa shelefu yomweyo panali botolo lina lochokera kunja la madzi a ndere za m'nyanja yamchere. Amenewo nde ena mwa akuluakulu a gulu la biostimulant lija pa dziko lonse, ena amapangidwa kuchokera ku ndere yotchedwa Ascophyllum nodosum ya m'nyanja zozizira za ku Norway, Ireland ndi Canada, ndipo ku South Africa kuli Kelpak wopangidwa ndi Ecklonia maxima ya m'mbali mwa nyanja cha ku Cape Town. Ndinaligwira nkuwerenga lebo, zonse zilipo, tsiku lopangira, nambala ya batchi, muyezo pa mbewu iliyonse, msinkhu wopopera, chitsekero chomata. Mtengo wake unandibweza. Koma nditaliika pafupi ndi lathu lija ndinamva chisoni, chifukwa chammwamba ndi chathu, chili ponseponse kunyanja ndi ku chigwa cha Shire, sichifuna madola, chimene chikusowa ndi munthu wochisamala, asefe bwino, aike m'botolo lakuda losalowa dzuwa, asunge pozizira, alembe tsiku, ndipo awauze anyamata ogulitsa kuti asiye kulonjeza za ku Canada. Olo atamagulitsa ufa wa masamba ouma pamthunzi m'timapaketi kuti mlimi azinyika yekha, bola, ufa sutupa pa shelefu.

Amene mukufunabe kugula la m'botolo, poti si aliyense ali ndi mnzake wa usipa, lipendeni pansi ngati silinatupe, pemphani atsegule mununkhize musanalipire, gulani lokwana kupopera kumodzi kokha, ndipo ngati ndalama ikukwana kupopera kumodzi basi sankhani kwa pamene ngala ili pafupi kutuluka, makamaka ngati munafesa mochedwa. Wofesa mu Epulo amene tirigu wake akhwime kukadali kozizira phindu limene botololi lingamupatse lidzakhala lochepa kuposa limene linandipatsa ine.

Nambala ya pa lebo ija ndinaitumizira uthenga pa WhatsApp, ndi zithunzi za botolo lotupa ndi za masamba awiri aja, kuti aone zabwino ndi zoipa zomwe. Anayankha tsiku lomwelo mwaulemu, ati zikomo mayi, tiyamba kulemba tsiku lopangira, ndipo anapempha ngati angagwiritse ntchito chithunzi cha masambawo potsatsa malonda pa Facebook. Ndinati mutha, bola mulembenso kuti ndimeyo inali ndi NPK ndi urea. Chithunzicho anachiika, za fetelezazo sanalembe. Sabata yatha ndinalowa pa shopupo kugula mbewu ya rape, mabotolo atsopano afika, lebo asintha yakhala yamitundumitundu yonyezimira, mtengo wakwera, tsiku lopangira palibebe.